Chipsera cha pamkono ndi funso la ku Chilumba: PhD ya chitetezo cha m'thupi ndi chiyani?

Pindani malaya muyang'ane kumtunda kwa mkono wanu. Ambiri a ife tili ndi kachipsera kozungulira pamenepo, kamene tinakalandira tisanadziwe n'komwe dzina lathu. Ndi ka katemera wa BCG, amene anayamba kuperekedwa kwa anthu mu 1921 ku France, ndipo mpaka lero ndi yekhayo amene dziko lonse limagwiritsa ntchito polimbana ndi chifuwa chachikulu. Kwa makanda amagwira ntchito ndithu: amawateteza ku TB ya muubongo ndi ija yofalikira thupi lonse. Nkhani imavuta pa TB ya m'mapapo ya akuluakulu. Ku Britain anapezeka kuti amateteza bwino. Kuno kwathu, mukangotsika Chiweta n'kufika ku Chilumba, anapezeka kuti sateteza.

Zimenezi si zongomva. Ku Chilumba kwakhala kukuchitika kafukufuku kuyambira mu 1979, poyamba wa khate, kenako wa TB ndi HIV, ndipo lero ntchitoyo ili m'manja mwa bungwe lofufuza za umoyo la MEIRU. Pakati pa 1986 ndi 1989, anthu opitirira 120,000 a m'boma la Karonga analowa m'kafukufuku wa katemerayu. Zotsatira zake zitatuluka mu 1996 zinaonetsa kuti kubayidwa BCG kachiwiri kumachepetsa khate ndi theka, koma pa TB palibe chimene kunasintha. Katemera wa chifuwa, woteteza khate, wolephera pa chifuwa chomwecho. Katemera mmodzimodzi, mwana wa ku London atetezeka, wa ku Karonga ayi. Chifukwa chiyani?

Ndayambira pamenepa chifukwa achinyamata a kuno ku Mzuzu, ena omaliza digiri ya biomedical sciences pa Mzuni ku Luwinga, ena ogwira ntchito m'malabu a zipatala, amakonda kufunsa kuti PhD ya molecular immunology, sayansi ya chitetezo cha m'thupi, munthu amaphunziramo chiyani. Amayembekezera kumva mndandanda wa makosi. Yankho lake ndi lakuti munthu amatenga funso limodzi ngati la ku Chilumbali, kapena kachidutswa kake kakang'ono, n'kukhala nalo zaka zitatu kapena zinayi mpaka atapeza kanthu kamene palibe aliyense padziko ankakadziwa. Mabuku amawerenga, inde, koma yankho lake mulibemo.

Pamene fanizo la asilikali lathera

Kuchipatala tinazolowera kumva za "asilikali a m'thupi". Fanizoli linatithandiza kwambiri m'zaka zovuta za Edzi, ndipo agogo a ku Ekwendeni amene sanapondeko mkalasi amadziwa kuti CD4 ikatsika munthu sali bwino. Wophunzira PhD amayambira pamene fanizolo lathera. Msilikali ali ndi maso. Selo ilibe maso, ilibe makutu. Nanga imadziwa bwanji kuti ichi n'chathu, ichi n'chachilendo? Imadziwa pokhudza. Molekyu ina imalowana ndi inzake monga kiyi ndi loko, ndipo kulowanako kumayambitsa uthenga umene umakafika mpaka m'kati mwenimweni mwa selo, kumene kuli DNA. Sayansi yonse ya molecular immunology ndi yofufuza makiyi amenewa, maloko ake, ndi mauthenga amene amatsatira.

Titenge TB yomweyo. Munthu wakhosomola m'minibasi ya ku Nkhata Bay mawindo ali otseka chifukwa cha chisanu cha mu June, inu n'kupumira kachilomboko. Kakafika m'mapapo kamakumana ndi selo yaikulu yotchedwa macrophage, imene ntchito yake ndi kumeza chilichonse chachilendo n'kuchigaya. Bakiteriya wamba amathera pomwepo. Wa TB ndi wochenjera: amatsekereza kathumba kamene wamezedweramo kuti kasakumane ndi kathumba ka asidi wogayira, ndiye amakhazikika m'mimba mwa amene wamumezayo, n'kumaswana.

Selo imene yameza mdani imadula ena mwa mapuloteni ake n'kuyala tizidutswato kunja kwake, pa timbale totchedwa HLA, monga mmene mayi wa mumsika amayalira tomato pabenchi kuti odutsa aone. Odutsawo ndi maselo a T, kuphatikizapo a CD4 aja. Selo ya T iliyonse ili ndi kiyi wa mtundu umodzi wokha. Imayenda n'kumayesa mbale iyi, mbale iyo, mwina moyo wake wonse osapeza polowa. Koma tsiku limene kiyi walowa, seloyo imadzigawa kambirimbiri, ndipo ana akewo amayamba kutulutsa puloteni yotchedwa interferon-gamma. Iyi ndi mfuu yodzutsa macrophage kuti imalize kugaya chimene yameza. Nkhondo ikatha ena mwa maselowa amatsala m'thupi zaka zambiri, ndipo ndiwo amene timati thupi lakumbukira. Katemera aliyense amadalira kukumbukira kumeneku. Kuti selo ya T imaona mdani pokhapokha ataikidwa pa mbale ya thupi lake lomwe anazitulukira Rolf Zinkernagel ndi Peter Doherty ku Canberra mu 1974, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1996.

Apa pali chinthu chimene ine chimandizizwitsabe. Munthu ali ndi majini pafupifupi 20,000 opangira mapuloteni (majini a m'maselo, osati aja amatulutsidwa kumapemphero). Koma makiyi a maselo a T, ndi ma antibody (mapuloteni omatirira pa mdani) amene maselo ena otchedwa B amapanga, alipo mitundu mamiliyoni osawerengeka, okwanira kuzindikira ngakhale kachilombo kamene sikanaonekepo padziko. Zochepa zibala bwanji zambiri chotere? Susumu Tonegawa, wa ku Japan koma akugwira ntchito ku Basel, anaonetsa mu 1976 kuti maselo a B akamakula amadula DNA yawo yomwe n'kuilumikizanso, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti a T nawonso amatero. Amatola kachigamba kamodzi pa mulu wotchedwa V, kena pa D, kena pa J, n'kusoka pamodzi ngati telala wa ku Taifa Market amene akupanga malaya ndi zotsalira za zitenje, ndipo pamsoko pamalowanso kapena kuchoka tizilembo mwangozi. Palibe malaya awiri ofanana. Anapatsidwa Nobel mu 1987.

Timbale ta HLA natonso timasiyana kwambiri munthu ndi munthu, kuposa majini ena onse, ndipo anthu a mu Africa ndi amene amasiyana kwambiri pa chibadwa kuposa a kontinenti ina iliyonse. Ku Gambia mu 1991 anapeza kuti ana okhala ndi mtundu wa HLA-B53 sankadwala kwambiri malungo oopsa. Mfundo imeneyi isungeni, chifukwa ndi imene imapereka ntchito kwa wasayansi wa kuno. Zimene zapezeka m'magazi a anthu a ku Ulaya sizingangotengedwa kuti ndi mmene zililinso m'magazi a anthu a ku Rumphi.

Tibwerere ku Chilumba. Ofufuza a kumeneko, mogwirizana ndi London School of Hygiene and Tropical Medicine, anatenga magazi a achinyamata a ku Karonga ndi a ku England asanabayidwe BCG, n'kudzatenganso patatha chaka. Magaziwo ankawasakaniza ndi mapuloteni a TB kwa masiku angapo, kenako n'kuyeza kuchuluka kwa interferon-gamma. Zotsatira zinatuluka mu 2002. Ana a ku England anayambira pansi n'kukwera kwambiri atabayidwa. A ku Karonga ambiri anali akutulutsa kale interferon-gamma asanabayidwe n'komwe, ndipo katemera anangowonjezerapo pang'ono. Matupi awo anali atakumana kale ndi achibale a TB, mabakiteriya amene amakhala m'nthaka ndi m'madzi a m'madera otentha. Akatswiri agawanika pawiri. Ena amati mabakiteriyawo anapereka kale chitetezo chochepa chimene BCG akanapereka, moti katemerayo alibe chowonjezera. Ena amati thupi lozolowera limapha BCG msanga asanaphunzitse kalikonse, popeza BCG ndi bakiteriya wamoyo wofooketsedwa amene amafunika kuswana pang'ono kuti agwire ntchito.

Ndiye tinene kuti interferon-gamma ndiye chitetezo? Ambiri anaganiza choncho, ndipo anali ndi chifukwa: ana obadwa ndi vuto pa jini ya loko wolandirira puloteniyi amadwala kwambiri ngakhale ndi BCG weniweniyo. Koma katemera watsopano wotchedwa MVA85A, amene ankadzutsa maselo otulutsa interferon-gamma, atayesedwa pa makanda pafupifupi 2,800 ku South Africa, zotsatira za mu 2013 zinaonetsa kuti sanateteze. Puloteniyi ndi yofunika, koma payokha si yokwanira. Chotsalacho n'chiyani? Pamenepa ndi pamene pamabadwira ma PhD.

Njira yake

Za makwerero sinditaya nthawi. Ambiri amayamba ndi digiri ya sayansi, kaya biomedical sciences, medical laboratory science kapena udokotala, n'kugwira ntchito mulabu ya kafukufuku chaka chimodzi kapena ziwiri, kenako digiri ya masters, kenako PhD. M'Malawi muno sayansi imeneyi yakhazikika kwambiri ku Blantyre, ku Kamuzu University of Health Sciences, imene inaima payokha mu 2021, ndi ku Malawi-Liverpool-Wellcome Programme, imene yakhala pa Queen Elizabeth Central Hospital kuyambira mu 1995. Kumeneko a Henry Mwandumba ndi a Kondwani Jambo akhala akufufuza maselo otengedwa m'mapapo mwenimweni mwa anthu okhala ndi HIV, pofuna kudziwa chifukwa chake TB ndi chibayo zimawapeza mosavuta. Ophunzira ambiri amalembetsa ku yunivesite ya kunja, monga ku Liverpool kapena ku Cape Town, koma kafukufuku akuchitira konkuno. Ku Britain PhD imatenga zaka zitatu kapena zinayi ndipo munthu amalowa mulabu nthawi yomweyo. Ku America imatenga zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, chifukwa amayamba ndi makosi komanso kuzungulira m'malabu angapo asanasankhe pokhazikika.

PhD ya mtundu umenewu munthu sadzilipirira, ngakhale atagulitsa ng'ombe zonse za kwawo ku Mzimba. Fizi ndi nkhani yaing'ono. Chodula ndi mankhwala a mulabu: kabotolo ka antibody kochepera chala chaching'ono kamagulidwa ndi madola mahandiredi, ndipo kuyesa kumodzi kumafuna timabotolo khumi kapena kuposa. Ndalama zimachokera ku mabungwe monga Wellcome, Commonwealth Scholarships, DAAD ya ku Germany, Fogarty ya ku America, kapena m'thumba la kafukufuku wa supavaiza.

Supavaizayo ndiye nkhani yaikulu, kuposa dzina la yunivesite. PhD imafanana kwambiri ndi kuphunzira ukalipentala kapena umakaniko pagalaja kusiyana ndi kukhala mkalasi. Umaphunzira poona mmene mwini ntchito amagwirira, mmene amakayikira zotsatira zake zomwe, mmene amafunsira. Wina ndi wotchuka koma umamuona kawiri pachaka. Wina dzina lake silimveka koma Lolemba lililonse amakhala nawe pansi kuyang'ana manambala ako. Safunsa anadya phula: musanavomere malo, pezani ophunzira ake akale muwafunse kuti anamaliza patatha zaka zingati, ndipo pa mapepala amene anasindikizidwa dzina lawo linali pati.

Chaka choyamba chimathera pa kuwerenga, kuphunzira manja, ndi kupempha chilolezo. Palibe amene amatenga dontho la magazi a munthu popanda komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali kuvomereza, monga NHSRC ya boma kapena ya ku Kamuzu University of Health Sciences ku Blantyre. Ena amadandaula kuti zimachedwetsa. Ine sindidandaula nawo. Dziko lino nkhani ya magazi si yoseweretsa. Tonse tikukumbukira mphekesera za anamapopa mu 2017 ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo, pamene anthu anaphedwa. Wophunzira amene sangathe kukhala pansi ndi a mfumu, kufotokoza m'Chitumbuka kapena m'Chichewa chomveka kuti magazi a masupuni awiri akupita kuti, akasungidwa zaka zingati, ndipo ndani adzawagwire, sanakonzeke, ngakhale atadziwa dzina la molekyu iliyonse.

Tsiku la mulabu

Magazi akafika, mpikisano ndi nthawi umayamba. Maselo oyera amafunika kulekanitsidwa asanathe maola asanu ndi atatu, apo ayi amafooka ndipo zimene mungayeze si chitetezo cha munthuyo koma kutopa kwa maselo ake. Basi yochoka ku Mzuzu kupita ku Blantyre imatha usiku wonse. Kuwerengera kokhako kukukuuzani chifukwa chake kafukufuku wa chigawo cha kumpoto amafunika labu yake kumpoto konkuno, ndi chifukwa chake ya ku Chilumba inamangidwa pafupi ndi anthu ake.

Wophunzira amathira magaziwo pang'onopang'ono pamwamba pa madzi olemera otchedwa Ficoll, dzanja lisanjenjemere, n'kuika m'makina ozunguza. Akatulutsa, maselo ofiira ali pansi, madzi achikasu pamwamba, ndipo pakati pali kamzere koyera kopyapyala ngati nkhungu ya m'mawa ya ku Chikangawa. Kamzere kameneko ndiye chuma chonse. Amakakoka ndi pipette, kachubu kokokera madzi pang'onopang'ono, kukatsuka, kuwerenga maselo pa maikulosikopu, kenako kuyesa tsiku lomwelo kapena kusunga. Firiji yake imazizira kufika pa madigiri -80, ndipo zosunga nthawi yaitali zimalowa mu naitrojeni wamadzi pa -196. Magetsi akazima usiku jenereta n'kukana kulira, ntchito ya zaka ziwiri imasungunuka kusanache. N'chifukwa chake wophunzira wa sayansi imeneyi amagona foni ili pamutu, ndipo amadziwana bwino ndi mlonda komanso wokonza jenereta kuposa mmene amadziwanirana ndi mkulu wa yunivesite.

Chida chimene chimalamulira moyo wake ndi flow cytometer. Makina oyezera CD4 amene ambiri a m'malabu a zipatala zathu anawagwiritsapo ntchito ndi mng'ono wake. Maselo amapakidwa ma antibody onyamula utoto wowala, mtundu uliwonse womatirira pa puloteni yake, ndipo amadutsa m'modzim'modzi pa kuwala kwa laser, masauzande pa sekondi. Kompyuta imalemba kuti selo iyi ndi ya CD4, ndi yokumbukira, ikutulutsa interferon-gamma, yatopa kapena ayi. Ma antibody opangidwa mulabu oterewa anatheka chifukwa cha njira imene Georges Köhler ndi César Milstein anatulukira ku Cambridge mu 1975. Palinso ELISA yoyezera kuchuluka kwa puloteni, ndi PCR imene tonse tinaidziwa nthawi ya Covid-19. Masiku ano kwabweranso njira yowerenga majini amene akugwira ntchito m'selo imodzi imodzi, ndipo imatulutsa manambala ochuluka moti wophunzira amatha miyezi ali pa kompyuta, akulemba malamulo m'pulogalamu ya R, pipette osaigwira. Amene ankathawa masamu poganiza kuti bayoloje ndi pobisalira amakumana nawo pano.

Zoyesa zambiri zimakanika. Izi sanena pa mwambo wa ma gown. Utoto wina umalowerera mwa unzake. Mankhwala amene munaitanitsa mu January amafika mu May, atakhalitsa pabwalo la ndege ayezi wake n'kusungunuka. Maselo amafa popanda chifukwa chooneka. Choopsa kwambiri si kukanika, koma zotsatira zokongola zabodza. Mwapeza kuti odwala TB ali ndi maselo ena ochuluka kuposa anthu abwinobwino, mtima uli m'mwamba, kenako supavaiza akufunsani modekha kuti, "Magazi a odwalawo munayeza tsiku limodzi ndi a enawo?" Mupeza kuti ayi, ndipo kusiyana kumene mwaonako mwina n'kwa makina, osati kwa anthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chimene PhD imaphunzitsa kwenikweni ndi chizolowezi chodzitsutsa wekha mnzako asanakutsutse, ndipo kuno kwathu pali zambiri zodzitsutsa nazo: munthu amene mukumuyeza mwina ali ndi likodzo la kunyanja, njoka za m'mimba, malungo osaonekera kapena HIV, ndipo chilichonse mwa izi chimakhotetsa chitetezo mwa njira yake.

Pali msampha wina umene ndiyenera kuutchula mosabisa. Pali ma PhD ena amene Mmalawi ntchito yake imangokhala kutolera magazi, kulemba manambala pa timabotolo, ndi kutumiza kunja. Zoyesa zenizeni amachita ena, kuganiza amaganiza ena, iye n'kulandira digiri ali wosatha kuyambitsa kafukufuku wake. Kutumiza zinthu kunja si tchimo, makina ena kuno kulibe, ndipo pamakhala pangano lolembedwa lonena zimene zikachitike ndi magaziwo. Koma wophunzira azipita nawo limodzi, akagwire makinawo ndi manja ake, manambala abwere nawo. Funsani zimenezi musanasaine, osati m'chaka chachitatu.

Kumapeto kumabwera kulemba buku la kafukufuku, masamba mahandiredi awiri kapena kuposa, ndi kuyesa kusindikiza zotsatira m'magazini a sayansi kumene akatswiri osadziwika mayina amazing'amba n'kubweza kuti mukonze. Kenako viva, mayeso a pakamwa. M'dongosolo la ku Britain mumatsekeredwa m'chipinda ndi oyesa awiri, mmodzi wochokera ku yunivesite ina, kwa maola awiri, atatu, nthawi zina anayi. Safuna kuona ngati munaloweza. Amatsegula tsamba 87 n'kufunsa chifukwa chake munasankha njira iyi osati inayo, ndipo chikanakhala chiyani mukanapeza zosiyana. Ambiri amapambana koma amapatsidwa zokonza. Mukabwerera kumudzi azakhali adzakutchulani kuti adokotala n'kukuonetsani bondo lotupa, ndipo mudzavutika kufotokoza kuti udokotala wanu ndi wa maselo a m'botolo.

Mafunso akudikira ndi ambiri, ndipo ndi athu. Katemera wa rotavirus, woteteza ana ku matenda otsegula m'mimba, atayesedwa anateteza pafupifupi 77 peresenti ku South Africa koma 49 peresenti yokha ku Malawi, ngakhale kuti kuno anapulumutsabe ana ambiri chifukwa matendawo ndi ochuluka. Dziko lathu linali loyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana kudzera m'zipatala wamba, mu April 2019, koma chitetezo chake chimatsika pakapita nthawi, n'chifukwa chake mwana amabayidwa kanayi. Kachilombo ka malungo kali ndi majini pafupifupi 60 opangira puloteni imene kamaika pa selo yofiira, ndipo kamawasinthasintha ngati munthu wosintha malaya pothawa ngongole.

Za BCG nazo sizinathe. Ofufuza a ku Chilumba anawatsatirabe anthu a mu 1986 aja kwa zaka 30, ndipo lipoti la mu 2021 silinapeze umboni woti kubayidwa kachiwiri kunawateteza ku TB ya m'mapapo. Katemera wina, M72, anaonetsa mu 2019 kuti amateteza pafupifupi theka la akuluakulu amene ali kale ndi kachilombo ka TB kogona m'thupi, ndipo kuyesa kwake komaliza kunayamba mu 2024 m'mayiko angapo, Malawi ali momwemo. Ngakhale atapambana, padzafunikabe munthu wotsegula firiji, kutulutsa timabotolo ta amene anatetezeka ndi ta amene anadwala, n'kufufuza kuti magazi awo anasiyana pati.